Happy Mondays: anyamata a ku Salford amene anavinitsa gitala

Gulu loimba la Happy Mondays linayamba mu 1980 ku Little Hulton, dera la anthu wamba mumzinda wa Salford, pafupi ndi Manchester. Shaun Ryder ndiye ankaimba, mng'ono wake Paul Ryder ankaliza besi, Mark Day gitala, Paul Davis kiyibodi, ndipo Gary Whelan anali pa ng'oma. Pambuyo pake kunabwera Mark Berry, yemwe aliyense amamudziwa kuti Bez. Iyeyu sankaimba ngakhale mzere umodzi. Ankagwira maseche m'manja n'kumavina, maso ali tong'o, mapewa akugwedera, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ndipo ankawerengedwa kuti ndi membala weniweni wa gululo.

Masiku amenewo ku Britain nyimbo za gitala ndi nyimbo zovina zinali ngati midzi iwiri yosayenderana. Okonda magulu a indie, amene ankajambulitsa ku makampani ang'onoang'ono, ankangoima chilili patsogolo pa siteji, mutu wokha ukugwedezeka pang'ono. Ofuna kuvina ankapita kwina, ku makalabu. Mmalawi amene anakulira pa Alleluya Band ya ku Balaka amadabwa nazo zimenezi, chifukwa kumudzi gitala ikalira chiuno sichidikira kuitanidwa. Azungu anachita kufunafuna dzina, indie dance, lotchulira chinthu chimene pa ukwati uliwonse ku Ndirande chimachitika popanda wochitcha dzina.

Amene anawatola anyamatawa ndi Tony Wilson, mtolankhani wa pa TV yemwenso ankayendetsa kampani ya Factory Records. Kampaniyi, mothandizana ndi gulu la New Order, inatsegula kalabu ya Haçienda mu 1982. Chimbale choyamba cha Happy Mondays chinatuluka mu 1987, atachikonza John Cale, ndipo chachiwiri, Bummed, mu 1988. Zaka zomwezo nyimbo za house zochokera ku Chicago zinasefukira mu Haçienda, limodzi ndi mapiritsi ozunguza bongo a ecstasy. Gululo linatenga kugunda kwa nyimbozo n'kukusakaniza ndi gitala komanso mawu a Shaun, okhadzula ngati a munthu wokuwa pamsika. Mzinda wonse wa Manchester unapatsidwa dzina latsopano, Madchester.

Chaka cha 1990 ndicho chinali pachimake. Rowetta, mayi wa mawu amphamvu, analowa m'gululo. Paul Oakenfold ndi Steve Osborne, akatswiri a nyimbo za m'makalabu, anakonza chimbale cha Pills 'n' Thrills and Bellyaches, ndipo nyimbo ya Step On inafika pa nambala 5 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri. Nyimboyi si yawo. Mwini wake ndi John Kongos, wobadwira ku Johannesburg, amene anaitulutsa mu 1971 ataimanga pa kugunda kwa ng'oma za ku Africa. Ambiri amene amaiimbira m'mabawa a ku Manchester sadziwa kumene inachokera.

Kugwa kwa gululo kunali kwa msanga. Mu 1992 Factory inawatumiza ku Barbados kukajambula Yes Please! mu situdiyo ya Eddy Grant. Mankhwala ozunguza bongo anawatsatira komweko, ndalama zinapita zambiri, chimbale sichinayende malonda. Mu Novembala chaka chomwecho Factory inagwa ndi ngongole, ndipo gululo linapasuka mu 1993. Shaun ndi Bez anayambitsa Black Grape, kenako Happy Mondays inadzabwereranso kangapo, mpaka mu 2012 pomwe oyambitsa onse anakumananso pa siteji. Paul Ryder anamwalira mu Julaye 2022.

Chimene chimamubaya mumtima mlendo ndi momwe mzinda wa Manchester wasungira mbiri ya ana ake osamverawa. Mu 2002 kunatuluka filimu ya 24 Hour Party People yofotokoza nkhani yonse. Pakati pa mzinda pali bwalo lotchedwa Tony Wilson Place. Mu 2021 nyumba yosungira zakale ya Science and Industry Museum inaonetsa zikwangwani ndi zikuto za zimbale za Factory, zitaikidwa m'magalasi. Factory inkapatsa nambala chilichonse chake: Haçienda inali FAC 51, ndipo bokosi la maliro a Wilson mu 2007 linali FAC 501. Kumudzi ku Malawi sizili choncho: woimba Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, chaka chimene chimbale choyamba cha Happy Mondays chinatuluka, koma zambiri za iye ndi mng'ono wake Donald zinasungika chifukwa cha Gerhard Kubik, munthu wa ku Austria. Nanga atsikana ndi anyamata ovina kutsogolo kwa mabandi a kumudzi, ndani angatchule maina awo?

Haçienda inatsekedwa mu 1997, kenako inagwetsedwa. Pamalopo, mu msewu wa Whitworth Street West, panamangidwa nyumba zogona zodula zimene zinasunga dzina lomwelo. Mmalawi wochokera ku shifiti ya usiku yosamalira okalamba amadutsa pamenepo m'mawa kukuzizira, miyendo italemera, lendi ndi fizi ya ana kumudzi zili m'mutu, ndipo nthawi zina amapezapo alendo ochokera kutali akujambulitsa zithunzi pakhomo. M'makutu mwake mumakhala mukulira Black Missionaries.