Batani la GO

Mphunzitsi mnzanga, musanayambe gawo lino la kakonzedwe ka phunziro, ndiloleni ndikutengereni kumbuyo kwa holo ina ya zisudzo mumzinda wa Dar es Salaam. Kumeneko ndi kumene ndidazindikira vuto langa la kaphunzitsidwe.

Ndidapita mumzindawu kukatsogolera maphunziro a aphunzitsi a ziyankhulo. Tsiku lina madzulo, mmodzi mwa aphunzitsiwo adandiitana kukaonera ophunzira ake akuyeserera sewero la Kinjeketile. Seweroli adalemba ndi Ebrahim Hussein, lidasindikizidwa mu 1969, ndipo limakamba za nkhondo ya Maji Maji imene anthu a kummwera kwa dzikolo adamenyana ndi Ajeremani kuyambira 1905 mpaka 1907. Chiswahili changa ndi chogulira tomato pamsika, choncho ndidakakhala kumbuyo, pafupi ndi mnyamata woyendetsa magetsi a pasiteji.

Patebulo pake padali makina okhala ndi mabatani ambirimbiri. Adandifotokozera kuti makinawo amalamula nyale kudzera mu njira yotchedwa DMX512, imene idakhazikitsidwa mu 1986, ndipo chingwe chimodzi chimanyamula malamulo okwana 512. Maonekedwe aliwonse a kuwala, kaya ndi mbandakucha kaya ndi usiku, amasungidwa m'makinawo ndi nambala yake. Amawatchula kuti cue. Akadina batani lalikulu lolembedwa GO, cue yotsatira imayamba.

Kenaka adandionetsa zinthu zitatu. Choyamba ndi delay: wadina kale batani, koma nyale ina imadikira masekondi amene waiuza isanayambe kusintha. Chachiwiri ndi follow: cue imodzi ikayamba, inzake imatsatira yokha pakapita nthawi yoikika, popanda kudinanso. Chachitatu ndi macro: ntchito yofuna mabatani khumi imasungidwa pa batani limodzi, monga kuyesa nyale zonse anthu asanalowe.

Chakumapeto kwa gawo lina, wosewera mmodzi adali ndi mawu ataliatali. Mnyamata uja adali atawayeza dzulo lake ndi kuika follow yozimitsa nyale mawuwo akatha. Koma tsiku limeneli woseweryo adalowa m'nkhani ndi mtima wonse. Asadanene chiganizo chomaliza adaima, nayang'ana anzake mmodzimmodzi. Holo yonse idangoti zii. Nthawi yomweyo nyale zidazima, ndipo chiganizocho adachinenera mumdima.

Wotsogolera sewero adakalipa. Mnyamatayo sadatsutse. Adafufuta follow ija, nabwezera cue pa batani la GO. "Mwalimu," adandinong'oneza, "makinawa amadziwa kuwerenga masekondi, koma saona nkhope."

Ndidachita manyazi ngati wakalipiridwa ndine. Mmawa wa tsiku lomwelo ndidali nditafunsa funso m'maphunziro athu. Mayi wina wochokera kumudzi adakweza mutu, milomo ikuyamba kugwedera. Ine ndidayang'ana wotchi, ndidayankha ndekha, n'kupitiriza. Mayiyo sadayankhulenso tsiku lonse. Ndidamuzimitsira nyale.

Izi si zanga ndekha. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America, adaonetsa mu 1972 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika, ndipo ana ambiri amayesa kuyankha. Iye ankafufuza m'makalasi a sayansi. Nanga kuli bwanji mwana wa ku Mchinji kapena ku Katete amene wamva funso m'Chingerezi, waliganizira m'Chichewa, ndipo ayenera kusaka mawu oti abwezere m'Chingerezi? Sekondi imodzi imatha iye akadali pa ntchito yoyamba.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayang'ana chikonzekero cha phunziro monga mmene mnyamata uja amayang'anira mndandanda wa ma cue. Pa sitepe iliyonse ndimadzifunsa kuti: kodi iyi iyambe yokha, kapena idikire munthu?

Follow ili ndi malo ake. Nyimbo ya zilembo, kubwereza katchulidwe ka mawu, kulembetsa mawu oitanira, zonsezi zimakoma zikamayenda mosadukiza. Mapulogalamu ophunzitsa pawailesi, monga Tikwere ku Malawi ndi Taonga Market ku Zambia, adakonzedwa motero: mawu amamveka, pamakhala mpata woyankhira, kenaka pulogalamu imapitirira. Koma okonza ake adadziwa kuti wailesi siona nkhope, n'chifukwa chake m'kalasimo munkafunikabe mphunzitsi.

Delay ndi masekondi aja mukafunsa funso. Musawasiyire mwayi. Alembeni m'chikonzekero, ndipo muziwawerenga chamumtima. Poyamba mudzamva ngati kalasi yafa. Pirirani, mutu wa mwana ukugwira ntchito.

Macro ndi zizolowezi zimene mumaphunzitsa ana sabata yoyamba. Mukangoti "Awiriawiri," aliyense atembenukire kwa mnzake, wakumanzere ayambe, wakumanja amvetsere, kenaka asinthane. Liwu limodzi lapulumutsa mphindi zingapo, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka zimenezi n'zofunika. Koma chenjerani, chifukwa macro imagwira ntchito osaganiza. Tonsefe tili nayo imodzi yoipa. Timafunsa kuti "Mwamva?" ndipo kalasi yonse imayankha kuti "Eee!" ngakhale theka lake silidatolepo kanthu.

Mmawa mwake ndidamupeza mayi uja pa nthawi ya tiyi. Ndidapepesa, ndi kumufunsanso funso lija. Adakhala chete kwa kanthawi, ine nditagwira kapu, lilime likundiyabwa. Kenaka adandifotokozera mmene amaphunzitsira nthawi za aneni pogwiritsa ntchito nyengo za ulimi, njira imene ndimaiphunzitsa kwa ena mpaka lero.

Tsopano tengani chikonzekero cha phunziro lanu la mawa. Pambali pa sitepe iliyonse lembani F ngati iyenera kutsatira yokha, kapena GO ngati iyenera kudikira kuti muone nkhope za ana. Muwerenge zilembozo. Ngati GO palibe ngakhale imodzi, konzaninso phunzirolo musanagone.