Ulendo wa ku Central ndi Makina Openya M'mimba

Tsiku lina m'banda kuca ndinanyamuka ku Chinsapo pamodzi ndi mkulu wina wa kwathu, amene mimba yace inali yotupa miyezi iwiri, thupi lonse likumka liwonda. Anansi anali atayamba kale kunong'ona za ufiti, naloza cala mlamu wace. Tinatsata mseu wa ku Likuni, tinaoloka mtsinje wa Lilongwe, mpaka tinafika ku cipatala cacikuru ca Kamuzu Central, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1977. Kumeneko kumasonkhana odwala a ku Kawale, ku Biwi, ku Mgona ndi a m'maboma onse a cigawo ca pakati.

Cimene ndinaona nciti? Dotolo sanamtengere wodwala ku cipinda cina ai, koma anabwera pa kama pomwepo ndi makina aang'ono amene anthu amati sikani. Anampaka pamimba mafuta ozizira, nayendetsapo kacipangizo konga sopo. Kameneka kamatumiza mau oonda kwambiri, oti khutu la munthu silingathe kumva, ndipo mauwo akagunda ciwindi, ndulu kapena kapamba amabwerera, napanga cithunzi pa galasi. Mleme umayenda usiku ndi nzeru yomweyo. Madzi amaoneka akuda bii, mwala wa m'ndulu umayera nuponya mthunzi kumbuyo kwace, ndipo ciwindi coonongeka ndi likodzo ciri ndi maonekedwe ace ace. Palibe kuceka, palibe ululu.

Koma musayese kuti makinawa apenya zonse. Mpweya wa m'matumbo umawacititsa khungu, ndipo zironda za m'mimba zimafuna kuunika kwina. Ndiponso maso enieni ndi a dotolo wophunzitsidwa bwino.

Mwa mkulu wathu anapeza madzi ambiri, timitsempha totupa ta mwanabere ndi timadontho pa kapamba. Atayesanso madziwo ndi magazi, anati ndi cifuwa cacikuru ca m'mimba. Kafufuzidwe kotere kamachedwa FASH. Kanayambira ku South Africa, ndipo a ku Lighthouse, pa bwalo lomwelo, akhala akukagwiritsa nchito pa odwala a HIV.

Anamlembera mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Madzulo ace ndinabwerera ndekha ku Chinsapo kukafotokozera abale zimene dotolo anaona. M'mawa mwace amene anakwera njinga kukapereka phala ku Central ndiye mlamu uja.