Alendo a Kwathu M'nyumba ya Kucilendo

Akulu anati mlendo ndi mame, koma mwambi umenewu anaupeka asanadziwe mtengo wa tikiti ya ndege. Munthu amene wauluka kucokera ku Lusaka, nasintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Dubai, sangakamuke m'mawa mwake. Akhala mwezi wathunthu. Ife amene tikhala kuno ku Leeds ciyambire caka ca 2003, pamene amai a m'nyumba muno anapeza nchito ya unamwino, tinazolowera kusamutsa ana m'cipinda cao ndi kufunafuna majekete ocindikala, pakuti mphepo ya kuno siidziwa ulemu.

Zonsezi n'zopepuka. Mlendo wa kwathu sabwera cimanjamanja: m'cikwama mutuluka kapenta wa ku Siavonga, nshawa, mfutso wa nyemba, ndipo nyumba yonse inunkhira kumudzi. Colemera ndi nkhani zimene zimabuka tikasamba m'manja. Sitinaonepo nsima ya alendo ikutha popanda kuchula Boma.

M'mwezi wa July 2024 tinalandira alamu athu, mlimi wa ku Katete, pamodzi ndi akazi ao, amene anadzaonerera mwana wathu wamkazi akulandira digiri. Caka cimeneco cilala cinali citapsereza cimanga m'zigawo zambiri, kotero kuti mu February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nayamba kuzima maola ambiri pa tsiku. Ife tinali nazo kale nkhanizi m'mafoni, ndipo tinali titaweruza kale mlandu wake, monga ticitira ife a kunja. Tinakamba za ngongole imene dziko linalephera kubweza mu November 2020, tinakamba za kwaca ndi mapaundi.

Alamu anamvetsera mpaka mbale zitacotsedwa. Kenaka anafunsa mofatsa: "Kodi inu alamu, mu 2021 munavotera kuti?"

Funso limeneli lilibe yankho lokoma. Malamulo a dziko amene anakonzedwa mu 2016 analola Mzambia kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo tinakondwera nao. Koma pa masankho a pa 12 August 2021 panalibe bokosi la mavoti ku London kapena ku Leeds. Amene anaima pamzere kuyambira mbandakuca ndi iwo. Ife tinagona mocedwa, maso pa foni.

Ndale za alamu athu zilibe mau ambiri. Amayesa Boma ndi zinthu zitatu: tsiku limene feteleza afika, tsiku limene ogula cimanga alipira, ndi mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25. Anayamika kuti kucokera mu 2022 adzukulu ao aphunzira osalipira, koma anadandaula kuti makalasi adzaza kufikira pakhomo. Cipani sanacichule ngakhale kamodzi. Tiganiza kuti muyeso wao suli wacabe, pakuti mbiri ya dziko lathu iwacitira umboni. Zipolowe za mu June 1990 zinayambira pa mtengo wa ufa, ndipo pa 31 October 1991 anthu anacotsa a Kenneth Kaunda, naika a Frederick Chiluba. Tsiku limenelo ife tinali acinyamata, tinaponya voti yathu yoyamba dzuwa likuswa mtengo. Mu 2011 ndi mu 2021 anthu omwewo anasinthanso Boma ndi pepala, wogonja natula mpando.

Pokonzekera ulendo wobwerera, tinafuna kuwagulira nsapato ndi suti. Anakana mwaulemu. Anapempha nyali ziwiri za sola, ndi ndalama yogulira mbeu ya cimanga yoca msanga. Akazi ao anaonjeza kawailesi ka mabatire, kuti magetsi akazima azimvabe zimene a ku Nyumba ya Malamulo akukamba.