KUMENE ZAMBEZI ATHERA KULI NKHALANGO YOMERA M'MADZI A MCERE

Madzi a Luangwa akalowa mu Zambezi pa boma la Luangwa, ulendo wao sunathe ai. Apyola nyanja ya Cahora Bassa ndi mzinda wa Tete, napitirira kufikira ku cidikha cacikulu ca ku Mozambique, kumene mtsinje ugawikana mphanda zambiri usanalowe m'nyanja ya Indian Ocean pafupi ndi Chinde. Kumeneko wapaulendo wa pa bwato aona zodabwitsa: nkhalango yobiriwira yoimirira m'matope, m'madzi a mcere amene angaphe cimanga m'masiku owerengeka.

Mitengoyi icedwa mangrove pa Cingelezi, ndipo pa Cipwitikizi nkhalango yake amati mangal. Ina iri ndi mizu yotuluka m'thunthu ngati miyendo ya kangaude. Ina mizu yake ituluka m'matope ngati zikhomo, kuti ipume mpweya. Kawiri pa tsiku nyanja ikwera nimiza mizuyo, kenaka ibwerera. M'kati mwa mizu imeneyi ndimo mubisala nkhanu, tiana ta nsomba ndi camarão, tinyama ta m'madzi timene dziko la Mozambique ligulitsa kunja. Asodzi apezamo ndiwo, milimo yomangira nyumba, nkhuni ndi uci. Namondwe akabwera, nkhalangoyi ndiyo linga limene licepetsa ukali wa mafunde asanafike ku midzi.

Koma moyo wa mitengoyi uli pa zinthu ziwiri: madzi a nyanja ndi madzi a mtsinje. Mtsinje usungunula mcere, ndiponso ubweretsa matope amene akweza nthaka pang'onopang'ono. Tsono kusintha kwa nyengo kwapanikiza nkhalangoyi mbali zonse ziwiri.

Kumbali ya nyanja, madzi alikukwera cifukwa dziko likutentha ndipo madzi oundana a ku maiko ozizira akusungunuka. Akatswiri apeza kuti kucokera mu 1901 kufikira 2018 nyanja zapadziko zinakwera pafupifupi masentimita 20. Wina anganene kuti n'zocepa, koma pa dziko lacidikha madzi otere alowa patali. Nthaka ikalephera kukwera pamodzi ndi nyanja, mizu imizidwa nthawi yaitali ndipo mtengo ufa ciriri. Mitengo ikafuna kusunthira kumtunda, ipeza minda ya mpunga ndi nyumba za anthu.

Anamondwe naonso sanasiye gombe limeneli. Mu March 2019 Idai anasakaza mzinda wa Beira, doko limene feteleza wina wa alimi athu adzera. Mu March 2023 Freddy anagwa pafupi ndi Quelimane. Mphepo zotere zithyola nthambi, zizula mitengo, ndi kukwirira mizu yopumira ndi mcenga. Nkhalango ikhoza kuphukanso, koma ifuna zaka zingapo za mtendere.

Kumbali ya mtsinje, nkhani itikhudza ife eni. Cimangidwire Kariba mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, matope ambiri atsalira m'madamu, ndipo madzi sasefukira m'cidikha monga kale. Pamwamba pa izi pabwera cilala. Cilala ca 2024, cimene cinaumitsa cimanga m'minda yathu ndi kucepetsa magetsi a ku Kariba, cinacepetsanso madzi otsikira kunsi. Mtsinje ukafooka, mcere ulowa m'kati mwa dziko, nuononga zitsime ndi minda ya mpunga. Mlimi akasowa zokolola atenga nkhwangwa kukaocha makala, ndipo linga lija licepa.

Pali cinanso. Matope a m'nkhalangozi asunga mpweya wa carbon dioxide wocuruka kwa zaka mazanamazana. Mitengo ikadulidwa, mpweyawo uthawira kumwamba nuonjezera kutentha kumene kusokoneza mvula yathu.

Anthu a kumeneko sanakhale manja lende. Ku Icidua, m'mbali mwa mzinda wa Quelimane, amuna ndi akazi akhala akubzalanso mbande m'matope momwe munadulidwa mitengo.

Owerenga athu ambiri sadzaiona nkhalango imeneyi ndi maso. Komabe mvula imene igwa pa Lundazi, Chipata ndi Petauke, yambiri itsikira mu Luangwa, ndipo mapeto ake ndi pa mizu yomweyo. Mfuleni wotetezedwa ndi mitengo kuno kwathu uyenda kufikira cilimwe. Wodulidwa mitengo uphwa msanga. Msodzi wa ku Chinde ndi mlimi wa ku Petauke sadziwana, koma amwa madzi amodzi.