Ndinang'amba chimake cha lupanga la amalume chifukwa cha TikTok

Inu a m'komboni, nenani zoona: simunaonongepo chinthu cha mwini chifukwa chofuna kavidiyo ka pa foni? Ine zinanichitikira pa Khirisimasi yapitayi ku Mphamba, kufupi na boma ya Lundazi, ndipo mpaka manje nikakumbukira, thukuta limachoka.

Amalume anga ali ndi lupanga la ku Japan lophunzirira, lochedwa iaito. Silakuthwa, ndipo ambiri otere amapangidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki. Anawapatsa ndi mphunzitsi wawo wa judo pamene ankabwerera kwawo. Paja anthu odzipereka a ku Japan anayamba kubwera m'Zambia mu 1970, ndipo oyambawo anali a judo. Lupangalo limakhala pamwamba pa kabati, lokulungidwa m'chitenje. Ngakhale amai a panyumba salikhudza.

Tsiku limenelo amalume anapita ku Chipata. Ine ndi mfana wanga tinati mwayi ndi uwu. Ndinavala malaya akuda, ndinamanga kansalu kumutu, mfana anagwira foni. Ndinasolola lupanga mwamphamvu cham'mbali ngati mmene timaonera m'mafilimu. Ndinangomva kuti "tsee!" Chimake chinang'ambika kuyambira kukamwa, mng'alu wautali ngati chala.

Nzeru yoyamba mukuidziwa kale: supa gulu ya pa kantemba, kenako kukhala zii. Koma mantha ananditengera kwa mdala wina wopala matabwa, amenenso amasema zimake za mipeni. Anachitembenuza, anachinunkhiza, nati: "Mwana wanga, ukathiramo gulu wako uja, adzauma gwaa m'kati, azikanda lupanga nthawi zonse. Amalume ako wawauza?" Ndinayang'ana pansi.

Usiku ndinafufuza pa intaneti mpaka bando inatha. Chimake chimenechi eni ake amachitcha saya. Amachisema ndi mtengo wofewa wa honoki, zidutswa 2 zomatidwa pamodzi, kunja n'kupaka utoto wa utomoni wochedwa urushi. Kukamwa kwake amati koiguchi, kutanthauza kamwa la nsomba, ndipo mpamene pamang'ambika kawirikawiri. Chifukwa chake n'chakuti lupanga limavalidwa mbali yodulira ili kumwamba. Posolola, dzanja lamanzere liyenera kukokera chimake kumbuyo kuti lupanga lituluke bwino. Ukalipotoza lisanatuluke lonse, limakankha pamene matabwa aja anakumana. Pamenepo mpamenenso pamagwira dzanja lako. Likanakhala lakuthwa, nkhani ino bwenzi ndikulemba ndi zala zosakwana.

Ndinaganiza zogula china. Iyayi, sizili ngati kugula kava ya foni pa Kamwala. Chimake chilichonse amachisema motsatira kutalika ndi kupindika kwa lupanga lake. Cha lupanga lina chikhoza kukana kulowa, kapena kukhala kholowa, lupanga n'kumagwa lokha ukawerama.

M'mawa amalume atafika, ndinagwada. "Amalume, nalakwa. Nang'amba chimake chanu." Anakhala chete nthawi yaitali, kuposa mmene ndikanafunira. Kenako anati: "Nyamula, tiye kwa mmisiri."

Ntchito inayenda motere. Mdala anaphika mpunga wa ku Chama, anaukanya ndi kathabwa mpaka unasanduka phala lonanda. Amisiri a ku Japan nawonso amamatira ndi mpunga, chifukwa suononga chitsulo. Analowetsa phalalo mumng'alu ndi kansungwi, anapukuta lotsala m'kati, namanga ndi mphira ya chubu cha njinga kwa masiku 2. Sanalole sandipepa m'kati, akuti mchenga wake umatsalira n'kumakanda lupanga. Pambuyo pake anakulunga ulusi wolimba kuzungulira malo ong'ambikawo, anasema mphete ya nyanga ya ng'ombe kuti igwire kukamwa, m'malo mwa nyanga ya njati ya ku Asia imene eni ake amaika. Pomaliza anapaka utoto wakuda ndi vanishi. Lupanga linalowa n'kugwira bwinobwino.

Ndalama ndinalipira ndine, ija ndinasungira ya basi yobwerera ku Lusaka. Amalume sanandikalipire ngakhale kamodzi. Chimene anachita n'chakuti kwa sabata yathunthu ankandidzutsa 05:00, kundipatsa ndodo ndi kapaipi ka pulasitiki, kuti ndiphunzire kusolola ndi kubweza. Lupanga lenileni sanandigwiritsenso.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza ku siteshoni, anandilipirira basi, nati: "Ukabwera chaka chamawa, mwina." Mphete ya nyanga ija imaoneka ndithu, siyobisika, ndipo aliyense wofunsa amamuuza kuti ndi ntchito ya mwana wa mlongo wawo, mtolankhani.

Kavidiyo kaja kakali m'foni ya mfana, masekondi 9 chabe. Akuti nikamukana ndalama ya bando, akaika pa Facebook. Mukakaona, chonde musachite sheya.