Ulendo Wathu wa ku Mua

Loŵeruka lina m'nyengo ya masika tidanyamuka kwathu ku Bembeke mbandakucha, nkhungu ikali pa mapiri. Tidatsika mseu wokhotakhota wa Khwekhwelere kuloŵera ku Golomoti, ulendo wa ku Mua. Tidali ndi ana athu atatu pamodzi ndi agogo ao aakazi, amene poyamba adakanitsitsa kutsagana nafe. Iwo adati: "Ine ndidabatizidwa kalekale, lero ndikaonenso zinyau?"

Mishoni ya Mua idatsekulidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale, a ku Canada, adayambitsa pomwepo malo a KuNgoni, osungirako miyambo ndi luso la makolo. M'nyumba ya Chamare muli zipinda zofotokoza moyo wa Acheŵa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pa kubadwa, chinamwali ndi ukwati, mpaka pa imfa. Mulinso nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400.

Tidayamba taona amisiri akusema mitengo. Mtsikana wathu wamng'ono adaloza chosema cha mai wosinja nafunsa kuti: "Agogo, amaiŵa akuchita chiyani?" Tidachita manyazi. Mwana wobadwira pakati pa minda ya chimanga sadziŵa mtondo ndi munsi, poti adazoloŵera chigayo, ndipo ife makolo sitidamuuzepo kanthu.

Koma chachikulu chidachitika m'chipinda cha Acheŵa. Agogo adaima nthaŵi yaitali patsogolo pa Kasiyamaliro, misozi ili mbwembwembwe. Kenaka adatiululira zimene adasunga mumtima zaka zonsezi. Bambo ao adali munthu wa gule. Atamwalira, iwo sadakaperekeze maliro kuopa kuimitsidwa masakramenti, pakuti masiku amenewo Mpingo ndi Nyau zinkaonana ndi diso lofiira. "Ndidasankha Yezu, ndipo sindidandaula," adatero, "koma bambo anga sindidaŵalire." Tidagwada pambali pao m'tchalitchi la Mua ndi kupempherera mzimu wa gogo amene ambirife sitidamuone.

Pobwerera tidasinkhasinkha. Sitinena kuti zonse za makolo zidali zabwino; zina zidali zoopsa ndi zopondereza, ndipo Mthenga Wabwino udatimasula. Komabe Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican, wa mu 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi chabwino m'miyambo ya anthu, koma umachiyeretsa ndi kuchikweza. Kulemekeza akufa, kulanga ana, kugaŵana chakudya m'nthaŵi ya njala: kodi zimenezi si mbeu zimene Mulungu adafesa mwa makolo athu ansembe asanafike?

Lamulungu titachoka ku Misa, tidapeza ana atazinga agogo pafupi ndi nkhokwe. Ankaŵaonetsa kagwiridwe ka munsi ndi kapetedwe ka lichero, uku akutchula maina a makolo mmodzimmodzi. Gaga adatayika wambiri, koma palibe adakalipa.

Makolo anzathu, ku Mua si kutali, ndipo chimene tidachipeza kumeneko chidali m'nyumba mwathu momwe. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati palibe woŵamva. Tiŵafunse agogo akali moyo, ana athu ali pomwepo.