Za Mabuleki a M'mbuyo

Abale, ife a ku Ulongwe tiri anthu a njinga. Pa mseu wocokera ku Liwonde kunka ku Mangochi tisenzetsa njinga zathu matumba a cimanga, nsomba za ku Malombe, ndi odwala onka ku cipatala. Koma tiona ambiri agula belu ndi zokometsera, mabuleki a m'mbuyo ali akufa. Pofuna kuima akanikiza tayala ndi cidendene.

Tiyeni tilingalire. Munthu akagwira mwadzidzidzi a patsogolo okha, gudumu liima koma thupi lipitirira, ndipo pa mcenga njinga iterereka. A m'mbuyo ndiwo acepetsa liwiro mofatsa, makamaka katundu akalemera pa kaliyala, pakuti pamenepo tayala la m'mbuyo ligwira nthaka kolimba. Cotero tizigwira onse pamodzi.

Mphira zikatha, tigule zatsopano ziwiri. Pomanga tione kuti zikhudza limu, osati tayala. Limu likapindika, mmisiri aliongole pokunga masipoko. Mvula ikagwa tiyambe kugwira tiri patali, pakuti limu lonyowa literera.

Mphira ziwiri zigulika ndi ndalama pang'ono. Koma mwendo wa mai amene tamnyamula sugulidwa pa msika.